Musanapente Datsun yakaleyo, werengani manambala ake

A Mkonzi,

Tipatseniko kadanga m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi eni magalimoto akale a ku Japan, aja a zitseko ziwiri opangidwira liwiro, amene agona zaka kuseri kwa nyumba ku Matero, ku Chilenje, ku Kabwata ndi m'mafamu a ku Makeni. Ena akutha ndi ogula zitsulo, amene amayeza galimoto pasikelo ngati chimanga. Ena agwera m'manja mwa achinyamata ofuna kuwadzutsa, ndipo ife amakanika zimenezi zimatikondweretsa. Chotidandaulitsa n'chakuti ntchitoyi ikuyambidwira kumchira. Ndalama yoyamba imapita ku penti, yachiwiri ku marimu, ndiye pofika dzinja lachiwiri penti ija yatuluka matuza m'munsi mwa zitseko, injini ikuwira pa Great East Road, mwini wake asanadziwebe kuti galimoto ali nayoyo ndi iti kwenikweni. Penti imabwera komalizira. Poyamba ndi manambala, kenaka chitsulo, kenaka mabuleki, madzi ndi mafuta.

Tiyambe ndi Datsun 240Z, poti ndi imene imalidziwa fumbi la kuno ku Africa. Inatuluka mu 1969, n'kupambana mpikisano wa East African Safari mu 1971 pachiwongolero pali Edgar Herrmann, kenaka mu 1973 pali Shekhar Mehta. Nambala yake ya chasisi inadindidwa pachitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu, ndipo ilinso pa kapuleti kokhomedwa pafupi ndi injini. Ziwirizi zifanane, zifananenso ndi zolembedwa mu white book, chikalata cha umwini wa galimoto. Zilembo zoyambirira ndizo zimanena zoona. HS30 ndi 240Z ya chiwongolero cha kumanja ngati magalimoto athu. HLS30 ndi ya kumanzere, zija zinadzaza ku America. S30 yokhayokha ndi Fairlady Z ya msika wa ku Japan, injini yake ya malita 2.0, osati 2.4. RS30 ndi 260Z, ndipo patsogolo pakakhala G, kuti GRS30, ndiye ija ya mipando inayi, yotalikirapo ndi masentimita pafupifupi 30. Chitseko, denga ndi magalasi a m'mbali a GRS30 salowa pa ya mipando iwiri. Munthu wosawerenga chilembo chimodzicho amalipira sitima mpaka ku Dar es Salaam, lole kudzera ku Nakonde, msonkho wa bungwe la misonkho la ZRA pamwamba, n'kulandira chitseko chosatsekeka. Paja safunsa adadya phula.

Nambala ya injini ili kudzanja lamanja la buloko, m'munsi mwa mapulagi a silinda 5 ndi 6. Pukutani ndi burashi ya waya ndi palafini, osati girainda. Injini za L24 (ya 240Z), L26 ndi L28 kunja zimaoneka chimodzimodzi, ndipo a Nissan, eni dzina la Datsun, anaika injini za banja limeneli mu Laurel, Skyline, Cedric ndi Patrol, choncho kupeza Z yonyamula injini ya galimoto ina si zachilendo. Hedi nayo ili ndi chizindikiro chake m'mbali: E31 ndi E88 ndi za nthawi ya 240Z, pomwe N42 ndi P90 ndi za L28. Oitanitsa mapisitoni asanaone zimenezi amagula kawiri. Mtundu wa penti wa kufakitale unalembedwa pa kasitika pachitsulo chogwira rediyeta, monga 918 wa olenji kapena 920 wotchedwa Safari Gold. Kasitikako kakasowa, kwezani kapeti ya kubuti kapena chotsani bolodi la chitseko. Opopera penti safikako kawirikawiri.

Pa Toyota msampha ndi wina. Corolla Levin ndi Sprinter Trueno za 1983 mpaka 1987 zinali mitundu iwiri yofanana nkhope ngati mapasa: AE86, ya injini ya 4A-GE ya 1587 cc ndi mavalavu 16, ndi AE85, ya 3A-U ya malita 1.5 ndi kabuleta. AE85 zambiri zinadzaikidwa 4A-GE pambuyo pake n'kumatidwa zizindikiro za mkulu wake. Galimoto yotere ikhoza kuyenda bwinobwino, koma difu yake ndi yaing'ono ndipo mtengo wake si umodzi. Nambala yodindidwa pachitsulo kuseri kwa injini imayamba ndi AE85 kapena AE86. Musangoiwerenga ndi maso, yendetsanipo chala. Fakitale imadinda zilembo zakuya mofanana pachitsulo chosalala. Mukamva kamzere kotumphuka kozungulira nambalayo, gonani chagada pansi pa dashibodi ndi tochi muone kuseri kwake. Chipsera cha wowotcherera chikakhalapo, nambalayo inadulidwa pa galimoto ina. Isiyeni ngakhale mtengo utsike motani, nkhani zotere zimakathera kupolisi. Dziwaninso kuti si AE86 iliyonse inabadwa ndi 4A-GE. Za ku Australia ndi zina za ku America zinali ndi 4A-C ya kabuleta, ndipo kapuleti ka Toyota kamanena injini, giyabokosi, difu ndi mtundu wa penti zimene galimotoyo inachoka nazo kufakitale.

Mapepala a ku Japan amasokoneza anthu chifukwa zaka amaziwerenga potsata ufumu wa mfumu yawo. Chaka cha Showa muonjezepo 1925, cha Heisei muonjezepo 1988. Ndiye S58 ndi 1983, H3 ndi 1991. Chakacho n'chimene galimoto inalembetsedwa koyamba. Chaka chopangidwira chionerani pa kansalu kosokerera m'munsi mwa lamba wa mpando, ngati lambayo ndi wakewake. Pepala la okushoni likakhalapo, giredi R kapena RA ikutanthauza kuti galimoto inakonzedwapo mafupa ake itagunda. Pa chithunzi cha galimotoyo, A ndi kukalika, U ndi kubonyoka, W ndi pokonzedwa pamene pakuoneka mafunde, S ndi dzimbiri, C ndi dzimbiri lodya chitsulo, XX ndi gawo losinthidwa. Pa galimoto ya zaka 40, C mmodzi pansi pa bodi ndi woopsa kuposa ma A khumi.

Tsopano chitsulo, pamene pamathera ndalama zambiri. Lusaka alibe nyanja ndipo m'misewu mwathu sathira mchere monga amachitira kumpoto kwa Japan nthawi ya chipale, choncho galimoto yokulira kuno imadyeka kuchokera mkati. Masamba ndi fumbi zimatseka timabowo totulutsa madzi pansi pa galasi lakutsogolo ndi m'munsi mwa zitseko. Labala wa galasi akauma ndi dzuwa la Okutobala, mvula ya Disembala imalowa n'kukhala pansi pa kapeti mpaka Epulo. Kwezani kapetiyo, mupale phula lomatidwa pansi. Pamwamba limaoneka lakuda, lathanzi, koma mukalitukula ndi mpeni mumapeza ufa wofiira wonyowa, ndipo sikuludiraiva imaboola ngati pa bisiketi. Pa 240Z yang'anani pansi pa batire, chifukwa asidi amadontha n'kudya thireyi mpaka kufika pa njanji ya chasisi. Onaninso njanji ziwiri za pansi pa mapazi, kona ya kutsogolo kwa tayala lakumbuyo, dzenje la tayala la sipeya, ndi mlomo wa pansi pa chitseko cha kubuti. Pa AE86 ndi Mazda RX-7 onjezanipo milomo ya madigadi akumbuyo ndi matumba a m'mbali mwa buti. Tengani kamaginito kofooka, kaja komata pa furiji, mukakulunge m'nsalu, muyende nako bodi yonse. Pomwe kagwa pali fila, phala lija lomatira mobonyoka. Galimoto yonyezimira yomwe maginito akukana m'mbali monse ndi chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Dzimbiri silimatidwa, limadulidwa mpaka mutafika pa chitsulo choyera. Malata a magalimoto amenewa ndi opyapyala, mamilimita pafupifupi 0.8 pa bodi. Makina a ndodo owotcherera mageti amawaboola, ndipo gasi amawatenthetsa mpaka kupindika. Gwiritsani makina owotcherera a MIG a waya wa mamilimita 0.6, chigamba chikhale chokhuthala mofanana ndi chomwe mwadula, ndipo muwotcherere kadontho apa, kadontho uko, mukudikira pazizire, mpaka madontho atakumana. Wothamangitsa mzere umodzi wautali amapinda chitseko chonse, kenaka amabisa manyazi ake ndi fila ya makilogalamu awiri. Fila isapitirire mamilimita 3, ndipo pansi pake pakhale pulaima ya epoxy, chifukwa fila imamwa madzi. Musanadule m'munsi mwa zitseko, ikani galimoto pa masitandi pamalo osalala, muwotcherere paipi yopingasa pakhomo la chitseko, mudule mbali imodzi n'kuimaliza musanakhudze inayo. Magalimotowa alibe chasisi yapayokha, bodi ndiyo mafupa, ndiye mukadula mbali zonse ziwiri imagwa msana ndipo zitseko sizidzatsekanso bwino. Thanki ya petulo ndi batire zichoke moto usanayake. Mukamaliza, poperani sera woteteza dzimbiri m'mphako zonse, poti kuseri kwa powotcherera ndiko kumayambira dzimbiri latsopano.

Injini imene yagona zaka musailize ndi batire tsiku loyamba, ngakhale mtima ukulakalaka kuimva. Chotsani mapulagi, thirani oyilo supuni imodzi yaikulu, mamililita 15, m'silinda iliyonse, muisiye masiku atatu kapena anayi. Kenaka zunguzani ndi dzanja, soketi ili pa bawuti ya pule yakutsogolo. Ikakana musaikakamize ndi chipaipi chachitali, maring'i amathyoka. Onjezani oyilo, dikiraninso. Pa L24 tsegulani chivundikiro cha pamwamba muone kapaipi kokhala ndi timabowo koyenda m'mbali mwa camshaft. Ndi kamene kamawaza oyilo, ndipo timabowoto tikatsekeka camshaft imadyeka msanga zedi. Tsukani, thirani oyilo pa camshaft ndi dzanja, sinthani oyilo ndi fyuluta, muzunguze ndi sitata mapulagi asanabwerere mpaka geji ya oyilo itakwera. Petulo wa m'thanki yakale wasanduka vanishi. Thankiyo itsike ikatsukidwe, mapaipi onse a labala asinthidwe, ndipo makoswe ngati analowa, mawaya aonedwe limodzilimodzi batire isanalumikizidwe.

Poyeza kompuresheni kumbukirani pomwe tili. Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepukirapo ndi magawo pafupifupi 12 pa 100. Injini yoonetsa 170 psi ku Durban kuno ionetsa cha m'ma 150, ili bwinobwino. Pali injini zimene zimaphwasulidwa popanda mlandu chifukwa munthu wayerekeza geji yake ndi nambala ya m'buku. Chofunika n'chakuti masilinda asasiyane kwambiri. Imodzi ikatsika, thiranimo oyilo pang'ono muyezenso: ikakwera ndi maring'i, ikapanda kusintha ndi mavalavu kapena gasiketi. Mpata wa mavalavu pa L24, injini ili yotentha, ndi 0.25 mm olowetsa ndi 0.30 mm otulutsa, ndipo moto umayenda 1-5-3-6-2-4. Pa 4A-GE mumayeza ili yozizira, 0.15 mpaka 0.25 olowetsa, 0.20 mpaka 0.30 otulutsa, ndipo lamba wa taimingi asinthidwe ngakhale akuoneka wabwino, poti labala amakalamba galimoto ili chiimire.

Ngati hedi ya injini ya L ichoka, pali kanthu kakang'ono kamene kamaliza anthu. Tcheni cha taimingi chimakankhidwa ndi tensioner ya sipuling'i yomwe ili pansi, kuseri kwa chivundikiro chakutsogolo. Mukangochotsa giya la camshaft tcheni n'kulefuka, tensioner imatumphuka m'malo mwake, ndipo kuti muibweze muyenera kuchotsa rediyeta, pule ndi chivundikiro chonse. Mankhwala ake ndi kamtengo kolimba kosemedwa ngati mphero yaitali. Kakhomereni pakati pa mbali ziwiri za tcheni giya lisanachoke, mutamangirira chingwe kumutu kwake kuti mudzakazule. Hediyo ili panja, uzani a makina aike mipando ya mavalavu yachitsulo cholimba. Mahedi oyambirira anapangidwa nthawi ya petulo wa mtovu, amene kuno anasiya kale kugulitsidwa, ndipo mipando yake ina ndi ya mkuwa wofewa.

Za madzi tinene mosabisa: madzi a m'chitsime kapena a borehole asalowe mu rediyeta. Mzinda uno wakhala pa miyala ya laimu. Suzumirani m'ketulo ya kunyumba kwanu muone choyera chomatirira pansi, chomwecho n'chimene chimatseka timipaipi ta rediyeta. Madzi opanda mankhwala amadyanso aluminiyamu wa hedi ndi wa chivundikiro cha kutsogolo. Sakanizani coolant ndi madzi a batire osakhala asidi, aja otchedwa distilled water, theka ndi theka. Chizolowezi chochotsa thermostat chithe. Injini ikamawira, vuto lili pa rediyeta yotsekeka, fani yofooka, pampu yodyeka kapena taimingi yochedwa, ndipo kuchotsa thermostat kumangochititsa kuti m'mawa wa Juni injini iyende yozizira, ikumwa petulo ndi kudya masilinda. Thermostat ya masiku onse imatsegula pa madigiri 82, ndipo a Nissan anali nayo ina ya 76.5 ya maiko otentha.

Makabuleta awiri a Hitachi a pa 240Z ndi osavuta, bola muwafikire komalizira, mavalavu ndi moto zitakhala kale m'malo. Chifukwa cha mpweya wathu wopepuka uja, ochunidwira kunyanja kuno amamwetsa petulo wambiri, mapulagi n'kumada. Nati ya pansi pa kabuleta iliyonse mukaikweza petulo amachepa. Yambirani pa kuitsitsa maulendo awiri ndi theka kuchokera pamwamba, kenaka tukulani pisitoni ya kabuleta pang'ono chabe, milimita imodzi. Injini ikakwera pang'ono n'kubwerera, zili bwino. Ikakwera n'kukhala komweko, petulo wachuluka. Ikafuna kuzima, wachepa. Kuti awiriwo akoke mofanana, ikani kapaipi kukhutu mumvetsere mluzu wa aliyense. M'kachitsime ka pamwamba muzikhala oyilo wopepuka wa SAE 20, apo ayi galimoto imatsamwa mukaponda. Chivundikiro ndi pisitoni ya kabuleta imodzi zisasinthane ndi za inzake, ndipo sandipepa asayandikire.

Mazda RX-7 ndi nyama ina. Yoyamba, SA22C ya 1978, ili ndi injini ya 12A ya 1146 cc, ndipo 13B ya pambuyo pake ndi 1308 cc. Injinizi ndi za mtundu wa rotary: mulibe mapisitoni kapena mavalavu, muli ma rotor awiri a makona atatu, ndipo pa nsonga iliyonse pali kachitsulo kotseka mpweya, apex seal. Injiniyi inapangidwa kuti izidya oyilo. Ili ndi kapampu kodonthezera oyilo mkati kuti tizitsulo timeneto tisagwire pouma. Makanika wosaizolowera akaona oyilo akutsika amatseka kapampuko poganiza kuti wachiza matenda, pamene wapha injini. Onani timapaipi take, timauma n'kuthyoka. Ngati kanachotsedwa kale, sakanizani oyilo wa 2-stroke m'petulo, mamililita pafupifupi 8 pa lita. Poyeza kompuresheni ndi geji wamba, chotsani kavalavu kogwira mpweya kuti singano izidumpha. Rotor yathanzi imadumphitsa katatu mofanana. Kudumpha kumodzi kwamphamvu kotsatana ndi kuwiri kofooka ndiye kuti apex seal imodzi yapita. Injiniyi ikawira kamodzi kokha, malabala a madzi a pakati pa zigawo zake amatha kupsa, ndipo mudzaona thovu mu rediyeta ndi utsi woyera poliza m'mawa. Musamaizimitsenso isanatenthe, imadzaza petulo n'kukana kulira. Ofuna kuikamo injini ya mapisitoni sitingawaletse, galimoto ndi yawo, koma yakeyakeyo aisunge pouma. RX-7 yopanda rotary mtengo wake umagwa kwambiri.

Pa mabuleki palibe kunyengerera: mapaipi a labala, malabala a m'masilinda ndi mafuta onse zisinthidwe galimoto isanatuluke pageti. Mafuta a mabuleki a DOT 3 ndi DOT 4 amamwa chinyezi, choncho asinthidwe zaka ziwiri zilizonse, ndipo asasakanizidwe ndi DOT 5. Tayala lili ndi manambala anayi m'mbali, sabata ndi chaka, monga 2314 kutanthauza sabata ya 23 ya 2014. Mukaona manambala atatu okha, tayalalo ndi la chaka cha 2000 chisanafike, labwino kudzalamo maluwa. Pogula marimu, 240Z ndi AE86 mabowo ake ndi 4x114.3 (mabowo anayi pa mzere wozungulira wa mamilimita 114.3 kupingasa), koma RX-7 zoyamba zambiri ndi 4x110.

Mabawuti a ku Japan nawo ali ndi khalidwe lawo. M8 mutu wake ndi wa sipanala 12, osati 13, ndipo M10 ndi wa 14, mazinga ake osalala a 1.25. Bawuti ya M10 ya ku hardware kawirikawiri ndi ya 1.5, ndiye mukaikakamiza mu aluminiyamu mazinga amatha. Tisikuluwu tokhala ndi kadontho pamutu ndi ta muyezo wa ku Japan wotchedwa JIS, ndipo sikuludiraiva wamba wa nyenyezi amaterereka n'kutibungula mitu, makamaka pa kabuleta. Chilichonse chochoka pagalimoto chijambulidwe pafoni, chilowe m'kathumba kolembedwa dzina, ndipo chakale chisatayidwe chatsopano chisanalowe. Zipangizo zina zayambanso kupangidwa ndi eni ake: a Nissan kudzera ku nthambi yawo ya NISMO anayamba mu 2017 ndi Skyline GT-R ya R32, a Mazda chaka chomwecho ndi Roadster yoyamba, ndipo a Toyota anaonjeza AE86 pa GR Heritage Parts mu 2021. Poitanitsa tumizani nambala ya chasisi ndi nambala ya chipangizocho, osati dzina la galimoto lokha. Mukasintha injini kapena mtundu wa penti, kadziwitseni a RTSA, bungwe lolembetsa magalimoto, kuti white book igwirizane ndi galimoto.

Kwa makolo athu amene muli nayo galimoto yotere koma ndalama yoidzutsira palibe pakali pano, pempho lathu n'lochepa. Ichotseni pansi pa mtengo wa mango. Ikwezeni pa masitandi kapena pa njerwa zolimba, pansi pake pakhale simenti osati udzu. Batire ichoke, handibuleki imasulidwe kuti isamatirire, makapeti onyowa atuluke, timabowo ta madzi titokosedwe ndi waya mvula isanayambe. Musaikute ndi pulasitiki mpaka pansi, imachita thukuta mkati n'kudyeka msanga kuposa ya pamtetete. Kadenga ka malata kopita mphepo m'mbali n'kokwanira. White book, makiyi ndi kabuku ka sevisi, ngati kalipo, zikhale m'nyumba, osati mu dashibodi momwe makoswe amamanga zisa.

Ndife anu,
Amakanika okonda magalimoto akale,
Lusaka